Kope la Anthu Amene Anandivomera

Linali Lachiwiri loyamba la mwezi wa Meyi, cha m'ma 4 koloko madzulo, pamene mwana wanga wamkazi anandiimbira foni ali ku Lilongwe. Ndinali kushedi, ndikusankha fodya wotsiriza. Ndinapukutira manja pa buluku n'kuyankha.

Mwanayu ndi woyamba kubadwa. Amagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina ya inshuwalansi, ntchito imene anaifunafuna zaka ziwiri atamaliza sukulu. Tsikulo anandiuza kuti ali ndi ganizo. Masitolo a mbewu ndi feteleza, zipatala zolipira, sukulu zomwe si zaboma, onsewa masiku ano amatumiza uthenga umodzi pa mafoni a anthu ambirimbiri. Iye anati lamulo tsopano silifuna kuti munthu azitumiziridwa zamalonda asanavomere. Ndiye ankafuna kupanga pulogalamu yoti izifunsa kaye mwini nambala, izisunga umboni woti wavomera, ndipo akanena kuti watopa nazo izimuchotsa pamndandanda. Amalondawo azilipira pang'ono mwezi uliwonse kuti akhale mosaopa mlandu.

"Koma ndisanapite nazo patali ndikufuna ndidziwe ngati alipo ozifuna," anatero. "Kuno ndafunsa ndekha. Kumudziko mundifunsire ndinu, adadi."

Anandipatsa malangizo atatu. Ndisanene kuti ndi za mwana wanga. Ndisafunse ngati ganizolo ndi labwino. Ndingofunsa kumene amatenga manambala, komanso ngati wina anabwerapo kudzawadandaulira. Ndinagula kope latsopano n'kulemba malangizowo pa tsamba loyamba, ndi kuwalemba mzere kunsi.

Ndakhala mkulu wa mpingo zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndine mlembi wa mpingo wathu. Sindipita kwa anthu nditavala shati yokha. Ndinavala jekete lakuda limene ndimayendera nalo akhristu, n'kukwera njinga kupita pa Chisepo.

Wa sitolo yoyamba anali bambo wogulitsa mankhwala a mbewu. Nditangotchula za lamulo, nkhope yake inauma.

"Zimenezi zachokera ku boma?"

Sindinafune kuti aziona ngati ndabwera kudzamugwira. Ndinati ayi, ndi mwana wanga uja wa ku Lilongwe, ndiye akufuna kupanga zimenezi.

"Uja ankakhoza masamu uja?" Nthawi yomweyo anatulutsa mpando. "Bwanji osanena kale, abambo? Ndi zabwino kwambiri zimenezo. Lembani dzina langa."

Ndinalemba. Nditatuluka ndinaona kuti nkhani yayenda bwino nditatchula mwana, ndiye kuyambira pamenepo ndinkayamba ndi mwanayo. Funso la kumene amatenga manambala ndinaliona lamwano, ngati kufunsa munthu pamsika kumene watenga mbuzi imene akugulitsa. Ndinalisiya. M'malo mwake ndinkafotokoza bwinobwino, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga inu mukuona bwanji, mungazifune?"

Ndinayenda milungu iwiri. Pa Chisepo, kwa Dzoole, pa Madisi, mpaka ndinakwera kabaza kulowera kumapiri a ku Ntchisi kumene kuli mlamu wanga. Ndinafika malo makumi awiri ndi atatu. Ovomera anali makumi awiri ndi awiri. Mmodzi wotsalayo sanakane, ndinangomupeza atapita kumaliro. Ena anandipatsa chakumwa, wina anandimangira mtedza pa keliyala.

Ndinamuwerengera mwanayo mainawo pafoni.

"Onsewo?"

"Onse."

"Munafunsa mmene ndinakuuzirani muja?"

"Ndinafunsa," ndinatero. Mumtima ndinati si bodza lenileni, popeza kufunsa ndinafunsadi.

Iye anati ku tawuni anthu ankangomugwedezera mutu, awiri okha ndi amene anaonetsa chidwi. Ndiye kuti msika uli kumudzi, kumene makampani aakulu sakuyang'anako. Mawu ake anali ngati a tsiku limene anasankhidwa kupita kukoleji. Ndinakondwa naye.

Lachinayi la mlungu wotsatira anaimbanso. Anati walemba kalata yosiya ntchito, akaipereka Lolemba m'mawa, chifukwa chinthu chotere sichipangika madzulo okha munthu atatopa. Ndinafunsa ngati sakufulumira. Anaseka.

"Adadi, anthu makumi awiri ndi awiri akudikira. Loweruka mupite kwa asanu mwa iwo, akupatseni mindandanda ya manambala awo. Mwezi woyamba ndiwayesera ulere."

Loweruka ndinavalanso jekete lija. Woyamba, wa mankhwala pa Chisepo uja, ndinauzidwa ndi mkazi wake kuti wachokapo. Njinga yake yamoto inali kuseri kwa sitolo, chisoti chili pachiwongolero. Wachiwiri, mwini sukulu ya mkaka, anandilandira bwino kwambiri. Anati nkhaniyo ndi yabwino ndithu, koma aiganizire kaye, andiimbira. Mawu amenewa ndimawadziwa. Inenso ndimawanena kwa munthu amene wabwera kudzapempha chinthu chimene sindingamupatse. Komabe ndinadziuza kuti awiri si onse, n'kupitirira kupita pa Madisi.

Wachitatu anali mayi wogulitsa mbewu ndi feteleza pafupi ndi msewu waukulu. Tinaphunzira kalasi imodzi kusekondale, ndipo kuyambira nthawi imeneyo sanandiopepo. Ndinamupeza akudya chinangwa chophika, musitolo mulibe wogula.

"Mwabweranso ndi jekete lanu la maliro," anatero. "Lero tikuika ndani?"

Ndinafotokoza chimene ndadzera. Anasiya kutafuna.

"Kodi zija zinali zenizeni?"

"Munavomera nokha, mayi. Dzina lanu ili apa."

"Achimwene, tsiku lija musitolo muno munali anthu asanu ndi mmodzi. Mukulowa mkulu wa mpingo, jekete, kope kumanja, mukunena za mwana wanu maso akuwala. Ndikanati chiyani? Ndinu amene munalemba kalata ya ubatizo ya mdzukulu wanga. Mukanabwera kudzandigulitsa mchenga ndikanati lembani matumba awiri."

Ndinakhala pansi pa thumba la feteleza, ngakhale panali mpando.

"Koma lamulo lilipo," ndinatero.

"Lilipo, sindikukana. Mwamvapo ndani kuno amene anaitanidwa chifukwa cha uthenga wa pafoni? Tsiku limene adzaitanidwe mmodzi, tonse tidzathamangira kwa mwana wanu. Pakali pano chinthu chakecho chikundithandiza chiyani? Ndili ndi manambala odzaza kope. Ndikatumiza kuti feteleza wafika, mawa lake pakhomo pano pali mzere. Iye akuti ndiyambe ndafunsa aliyense ngati akulola. Mlimi akaona uthenga woti yankhani, amaganiza kuti ndi akuba a pafoni aja, sayankha. Pa anthu anga onse atsala angati? Ndiye ndizilipira mwezi ndi mwezi kuti makasitomala anga achepe?"

Zimenezi sindinaziganizirepo n'kamodzi komwe, ngakhale ndinafotokoza pulogalamuyo kokwana makumi awiri ndi kawiri. Ndinatsegula kope pa tsamba loyamba, pamene panali malangizo atatu aja, n'kufunsa funso limene ndinkalizemba.

"Manambalawo mumawatenga kuti?"

"Mukufunadi kudziwa?"

Anatsegula kabati n'kutulutsa chikwama cha pulasitiki chodzaza mapepala. Ena anali a makalabu a alimi, ena a gulu la amayi osunga ndalama, ena ochokera kwa ochajitsa mafoni. Anasanthula pang'ono, n'kusolola mapepala atatu omata pamodzi n'kundipatsa.

Zinali zolemba zanga. Ndinazindikira 7 wanga wodula pakati ndisanawerenge dzina lililonse. Unali mndandanda wa akhristu a mpingo wathu, mudzi ndi mudzi, umene ndinalemba chaka chatha kuti tizidziwitsana msanga pakagwa zovuta. Ndinayenda khomo ndi khomo kupempha manambalawo. Ena ankakayika, ine n'kuwatsimikizira kuti ndi za maliro ndi matenda basi. Kenako ndinaumata pa bolodi la m'chipinda cha akulu ampingo, chimene sichikhomedwa.

"Mwautenga bwanji?"

"Wina anaujambula pafoni n'kuusindikiza. Si ine ndekha, achimwene. Wa mankhwala pa Chisepo ali nawo, a kachipatala ka mano ali nawo. Ndi mndandanda wabwino kuposa yonse. Inu simulakwitsa nambala."

Ananena moyamikira ndithu. Ine ndinaika mapepalawo pa bondo. Ndinakumbukira mayi wina wamasiye wa kumpingo amene anandifunsa mu Disembala chifukwa chake foni yake ikungolira ndi za mbewu ndi za kuchotsa mano. Amayenda mtunda kukachajitsa, ndipo foni ikalira amathamanga poganiza kuti ndi mwana wake wa ku Joni. Ndinamuuza kuti ndi mmene zilili masiku ano, makampani a mafoni ndi otero. Dzina lake linali lachisanu ndi chiwiri pa tsamba lachiwiri.

"Ndiye pa onse ndinalemba aja," ndinafunsa, "alipo amene angazifunedi?"

Anatenga kope langa n'kuyendetsa chala pa mainawo. Ambiri amawadziwa. Anaima pa dzina limodzi, la namwino wopuma ntchito amene ali ndi kachipatala kwa Dzoole.

"Mwina awa. Amaopa zolakwa ngati inu nomwe. Enawa ankangokulemekezani." Anandibwezera kope. "Bwanji nkhope yagwa choncho? Mwanayo ali pa ntchito yabwino, izi n'zongoseweretsa."

"Akusiya ntchito Lolemba."

Mayiyo anaika chinangwa pansi. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati mwanayo akudziwa mmene ndinkafunsira. Ndinapukusa mutu.

Kwa awiri otsalawo sindinapiteko. Ndinapempha mapepala atatu aja, iye anandipatsa, koma anandiuza mosabisa kuti manambalawo ali kale mufoni mwake. Njinga ndinachita kuikankha mtunda wautali. Ndili m'njira foni inalira. Anali mwana wanga, uthenga waufupi: "Mwatenga ingati, adadi?" Ndinaima pansi pa mtengo n'kuyamba kulemba yankho katatu konse, n'kufufuta. Nkhani ya momwe bambo ananamizira mwana wake sinkakwana pa kagalasi kakang'ono kaja. Ndinangolemba kuti asapereke kalata tisanaonane.

Anaimba nthawi yomweyo. Sindinayankhe. Anaimbanso, ndipo ndinaika foni m'thumba la jekete.

Kunyumba mayi ake a mwanayo anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Atamaliza kumva anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati ndikamuuze mwanayo kuti anthu asintha maganizo, kapena ndikamuuze zoona. Ndinati anthuwo sanasinthe kanthu.

M'mawa mwake linali Lamulungu, ndipo ndinali pa ndandanda yowerenga zolengeza. Pa zaka khumi ndi zinayi ndinali ndisanajombepo popanda matenda. Ndinalawirira kutchalitchi kusanafike munthu, ndinalowa m'chipinda cha akulu ampingo n'kumatula mndandanda uja pa bolodi. Zolengeza ndinasiyira mkulu mnzanga amene amakhala pafupi ndi tchalitchi, ndi kumuuza kuti mlungu wamawa ndili ndi mawu oti ndinene kwa mpingo wonse. Jekete ndinalisiya pa msomali kunyumba. Ndinaika kope ndi mapepala atatu aja m'jumbo, n'kupita pa Madisi kukadikira minibasi yoyamba ya ku Lilongwe.