Njira ya Anthu a Nsapato

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 3, bambo anga atatikonzera njira yoti anthu asiririke. Iwo ankagwira ntchito yosamalira maluwa kunyumba ya bwana wina kuesiteti ya nzimbe, ndipo chilichonse chimene anaona kumeneko ankafuna chifike kwathu. Amayi ankasoka pakhonde ndi makina opukusa pamanja. Makinawo ndiwo ankatigulira sopo ndi makope, chifukwa malipiro a bambo ankatha mwezi usanafike n'pakati pomwe.

"Makasitomala asamadutse m'fumbi ngati akupita kudimba," anatero bambo tsiku lina. Anayamba kututa timiyala takuda panjinga kuchokera kukhwawa, n'kutiyala kuyambira pamsewu mpaka pakhonde. Njirayo inali yowongoka bwino, m'mbali anaikamo njerwa zopaka laimu ndi maluwa ofiira. Ine ndinkainyadira kwambiri moti ndinkaitana anzanga kuti adzaione.

Inali nyengo ya dzuwa la Okutobala, pamene kwathu kuchigwa ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Inalinso nyengo imene amayi ankayembekezera ntchito yambiri, chifukwa azimayi ankasoketsa nsalu zokavinira kumsonkhano wa chipani. Koma pakhonde panayamba kuchita zii. Amayi ankangopukuta makina opanda fumbi, maso ali kumsewu. Usiku umodzi wokha ndinawamva akunena kuti mwina angowagulitsa, ndipo mtima wanga unawawa.

Chimene chinkandizunguza mutu chinali china. M'mawa uliwonse pothirira ndinkapeza maluwa atathyoka. Bambo anati ndi mbuzi za aneba, kenako anati ndi ine. Koma m'maluwamo munkaoneka mapazi a munthu. Mbuzi ilibe zala zisanu, ndipo mapaziwo anali aakulu kuposa anga. Munthu wamkulu angasiye bwanji njira yokongola chonchi n'kumaponda maluwa? Ndinaganiza zoti ndione ndekha.

Nditaweruka kusukulu ndinakwera mumtengo wa nimu n'kudikira. Panatulukira mayi Zuze, kasitomala wakale wa amayi wochokera kumidzi ya kumadambo, mwana kumsana, nsalu m'khwapa. Anaima pamsewu nthawi yaitali. Anaika phazi limodzi pamiyala, n'kulibweza msangamsanga. Anayang'ana kukhonde, anayang'ana maluwa, kenako anatembenuka kuti azipita.

Ndinatsika mumtengo mofulumira mpaka kudzikanda bondo. "Mayi Zuze, amayi alipotu. Simulowa?"

"Nkhabe, mwananga," anandiyankha m'Chisena chawo, akuseka pang'ono. "Njira imeneyi ndi ya anthu a nsapato. Tamva kuti mayi ako tsopano akusokera akazi a makalaliki. Ife a mapazi ong'aluka tikadutse pati?"

Kuti miyalayo imaotcha masana ndinkadziwa, chifukwa ineyo ndinkazungulira kuseri kwa nyumba. Amayinso ankatero. Tonse tinkadziwa, koma palibe anaganiza kuti n'chinthu choti munthu n'kuuza bambo. Iwo ankachoka m'mamawa atavala majombo a kuntchito, n'kubwera dzuwa litapendeka, miyala itazizira.

Madzulo ndinawauza bambo mwamantha, chifukwa mwana sankadzudzula ntchito ya bambo ake. Anangotafuna chakudya chawo pang'onopang'ono, ine n'kumadikira mbama imene sinabwere.

Lamlungu titachokera kutchalitchi, dzuwa lili paliwombo, bambo anakhala pamsewu n'kuvula nsapato. Anayamba kuyenda panjira yawo mwaulemu wonse, manja kumbuyo. Asanafike pakati anayamba kunyang'ama, kenako kudumphadumpha, mapeto ake anagwera m'maluwa awo omwe. Amayi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Ine ndinaseka mpaka misozi, ndipo sindinakalipiridwe.

Tsiku lomwelo bambo anandituma kukaitana mayi Zuze. Atafika, bambo anawalonjera n'kunena kuti, "Mayi, yendani kuchokera apa mpaka pakhonde, mudutse pamene mapazi anu akufuna." Mayi Zuze anachita manyazi, koma anayenda. Anakhotera kumthunzi wa nimu, analambalala pamene amuna ankakhala posewera bawo, anadutsa pafupi ndi mtsuko wa madzi, n'kukatulukira chakumbali kwa khonde, kumene munthu angafunyulule nsalu yake odutsa mumsewu osaiona. Bambo ankawatsata pambuyo, akulemba mzere ndi khasu.

Njira yatsopanoyo inali yokhota, ya dothi la pachulu lotsendera bwino, ndipo ntchito yanga inali kuiwaza madzi masana. Siinali yokongola ngati yoyamba ija, ndipo bambo sankaionetsa alendo. Koma sabata isanathe makina anayambanso kulira mpaka amayi kudandaula mkono. Ena mwa makasitomala akale sanabwererenso. Anali atazolowera telala wa kumsika, ndipo tikakumana nawo kuchitsime ankatipatsa moni wabwinobwino ngati palibe chinachitika.

Amenewo ndi amene ndimawaganizira kwambiri lero, ndili ndi kagolosale kangakanga. Palibe mmodzi yemwe anadandaula, palibe anakwiya. Ndinadziwa mochedwa kuti munthu sakuuza kuti pakhomo pako pamuotcha. Amakupatsa moni, amafunsa za ana, kenako amangosiya kubwera.