Towela ndi Malaisensi Awiri Okanana

Ku komboni ya Kanyama, kumunsi kwenikweni kumene madzi a mvula amafikira kugona, kuli nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi mzere wakuda pakhoma, wofika m'mawondo. Mzerewo unasiyidwa ndi madzi a chaka chimene kolera inatenga a Ketty, mayi ake a Towela. Nthawiyo Towela anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anatsala m'manja mwa ambuya ake, a Chrissie, mayi wa ku Katete wosalola munthu kunyoza mwana wa m'banja lake, ngakhale ndi diso lokha.

Mwanayo anali ndi mutu. Izi si zokometsera ayi, kafunseni aphunzitsi ake. Anamaliza sekondale bwinobwino, koma koleji inakhala ya ana a eni ake, iye n'kukakhala pa benchi ya salaula ya ambuya ake, kugulitsa masiketi ndi majuzi ovalidwapo kale. Ogula akachepa, ankatsegula laputopu yakale yosweka ngodya imene anamupatsa abusa a ku tchalitchi kwawo, n'kumadziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu. Amayi a mabenchi oyandikana ankamuseka kuti akusaka mwamuna pa intaneti. A Chrissie ankawayankha kuti ana awo chimene amadziwa ndi kupenta milomo basi.

Chimene ankalemba chinali chimodzi. Ku Kanyama matanki a madzi othiridwa klorini alipo, koma munthu amatha kuyenda mtunda wonse ndi chigubu n'kupeza tanki youma, ndiye akatopa amatunga pa chitsime chosaya, pafupi ndi chimbudzi. Mayi ake anafa motero. Towela ankafuna pulogalamu ya pa foni yoti woyang'anira tanki akangodina, uthenga ufike kwa anthu kuti madzi ali pakuti, ndipo kamapu kawaonetse njira, ngakhale tinjira tija topanda maina.

Pa ntchito imeneyi munthu salemba zonse yekha. Pa intaneti pali zigawo zolembedwa kale, zimene eni ntchito amazitcha malaibulale, zoikidwa poyera kuti aliyense atenge osalipira. Towela anatenga ziwiri: ya mapu, yopepuka moti inkayenda ngakhale pa foni yotchipa, ndi ina yotumiza mauthenga. Anazilumikiza ndi mizere yakeyake chaka chathunthu, mpaka zitatuzo zinakhala chinthu chimodzi. Laibulale iliyonse inabwera ndi laisensi yake, chikalata chachitali cha Chingelezi cha maloya. Sanawerenge. Iye ankadziwa lamulo la kwawo: ukapatsidwa chinthu umathokoza, umatchula dzina la wokupatsa, nkhani yathera pomwepo. Choncho anaika tsamba la zikomo koyambirira, n'kulembapo malaibulale awiriwo ndi eni ake, mwaulemu, monga mmene amawerengera maina a othandiza pamaliro.

Mu Ogasiti bungwe lina loona za ukhondo linamva za iye. Linati likufuna pulogalamuyo igawidwe m'makomboni mvula isanagwe, ndipo Towela alembedwe ntchito yoisamalira. A Chrissie anamanga chitenge chawo cha ku tchalitchi n'kuyenda khomo ndi khomo kuuza anthu, ngakhale amene sanafunse.

Bungwelo linali ndi munthu wounika chilichonse chisanagawidwe, a Mpundu, bambo wofatsa wa imvi m'ndevu. Anamuitana Towela ku ofesi, n'kumuuza kuti ntchito yake ndi yosamala, sanaonepo yotere kwa munthu wodziphunzitsa yekha. Kenako anatsegula tsamba la zikomo lija, nati m'pamene anaonera vuto. Laibulale ya mapu inali ya laisensi yotchedwa GPL yachiwiri, yachiwiri yokhayo, imene imati chilichonse chosakanizidwa nayo chikamagawidwa chitsate malamulo ake, osaonjezerapo lamulo lina. Ya mauthenga inali ya laisensi yotchedwa Apache yachiwiri, yokhala ndi mfundo zake zosachotseka, zimene inzake ija imaziona ngati zoonjezera. Kugwiritsa ntchito yekha pa laputopu yake, palibe mlandu. Koma kugawira anthu zitasakanizidwa, ukamvera uyu walakwira uyo.

"Koma ba Mpundu, si va mahala vonse vibili?" anafunsa Towela.

"Ni va mahala, mwana wanga, koma vili na bene bake. Ise sitingavigabe so."

Towela anabwerera kunyumba pa minibasi. A Chrissie atamva, anaimvetsa nkhaniyo mwa njira yawo. Anati ndi zomwe zija za mng'ono wawo amene anakwatiwa ndi Mngoni: kwa Achewa ana ndi a kuchikazi, kwa Angoni ndi a kuchimuna, ndiye anawo anakula akukokedwa uku ndi uku. Koma zimenezo, anatero, zinatha akuluakulu atakhala pansi. Anamuuza Towela kuti alembere eni ake, ndipo asaiwale kuwauza kuti ndi mdzukulu wa yani.

Towela analemba. Yankho linatenga milungu itatu, lochokera kwa mkulu wina wa kutsidya kwa nyanja. Anati akanakhala yekha akanalola lero lomwe, koma laibulale ya mapuyo inalembedwa ndi anthu oposa makumi atatu, aliyense ali ndi mawu pa mizere yake, ndipo kusintha laisensi kumafuna onse avomere. Ena anasowa, mmodzi anamwalira. Anamufunira zabwino. A Chrissie anati banja losadziwa kumene kuli abale ake si banja.

Pafupi ndi benchi panali Chewe, wokonza mafoni, amene anaphunzira naye kalasi imodzi. Iyeyu sanaone vuto.

"Iwe Towela, ulemu wako ndiye wakugulisa. Fafaniza chabe zikomo yako, chinja maina, ubauze ati walemba wekha. Nindani azabwela ku Kanyama kukusakila? Na ba landilodi bamayopa matope."

Towela anayenda nawo mawuwo masiku awiri. A Chrissie, tinene zoona, sanamuletse. Anali ataona manda a mwana wawo mmodzi, ndipo mdzukulu kukalambira pa benchi ya salaula sankafuna. Anangonena akuyang'ana kumbali kuti Chewe nthawi zina amayankhula zanzeru. Towela anali atatsegula tsamba la zikomo lija, chala chili pa batani lofafanizira. Anatembenukira kwa ambuya akewo.

"Ambuya, ni imwe munaniphunzisa kuchula maina. Manje nibise?"

A Chrissie anatuluka kukaanula zovala zimene zinali zisanaume.

Ndiye Towela anasankha njira yaitali: kuzula laibulale ya mauthenga yonse n'kulemba yakeyake. Anayesa zina zimene malaisensi ake ankagwirizana ndi ya mapu, koma zinali zolemera, mafoni a m'komboni ankangouma nazo. Ndipo kuzula chinthu chimene wachiluka chaka chathunthu si masewera, ukakoka apa pamasosoka apo. Chaka chimenecho magetsi ankabwera maola ochepa, kawirikawiri iye ali ku benchi, pamene batire ya laputopu sinkatha ngakhale ola limodzi. Anawonda mwanayo, siketi n'kumazungulira m'chiuno.

A Mpundu anadikira mpaka kumapeto kwa Okutobala. Kenako anaimba foni, mawu ali pansi, kunena kuti bungwe latenga pulogalamu ina yochokera kunja, ndipo ntchito ija yapita kwa wina. Pulogalamu yakunjayo inkadziwa misewu ya tala yokha. A Chrissie anavala nsapato kuti akawaone akuluakulu a bungwelo maso ndi maso, koma Towela anaima pakhomo mpaka anazivula.

Mvula inagwa. Madzi anakwera kukapsompsona mzere uja. Anthu anayendanso ndi zigubu kupita ku matanki ouma, amayi amene anauzidwa khomo ndi khomo aja n'kumafunsa a Chrissie mokoma kuti kodi ba manijala ayamba liti ntchito. Mu Januwale kamwana ka nyumba yachitatu kuchokera kwawo kanatengedwa pa wilibala kupita ku chipatala, ndipo sikanabwerenso. Towela anapita kumaliro, anaphika nawo, anakhala masiku anayi osatsegula laputopu.

Anamaliza mu Febuluwale. Anaika pulogalamuyo poyera pa intaneti, pansi pa laisensi yomwe ija ya mapu, ataiwerenga mzere ndi mzere, dikishonale ili pamwendo. Palibe bungwe limene linabweranso. Oyang'anira matanki atatu okha ndi amene amaigwiritsa ntchito, chifukwa a Chrissie anakawaimirira mpaka anailowetsa m'mafoni mwawo, ndipo mmodzi mwa iwo amaiwala kudina.

Towela adakali pa benchi ya salaula. Chewe akamadutsa amamutcha ba loya, iye amangopinda majuzi. Tsamba la zikomo lilipobe, ndipo pansi pa dzina lililonse tsopano analembapo laisensi yake. Foni ikalira kuti tanki ya kuseri kwa msika ili ndi madzi, amanyamula chigubu iye yemwe n'kupita, ndipo panjira amakumana ndi ena akuchokera kuchitsime.