Funso la a Longwe

Ndikukumbukira chaka chimene akulu a mpingo anandibweza pa mayeso a ubatizo kwathu ku Chintheche. Nkhondo ya azungu inali itangotha kumene. Amayi anali atasoka kale malaya anga oyera, chinangwa cha phwando chili m'madzi, fungo lake lili ponseponse pakhomo.

Katekisimu tinkamuloweza ngati nyimbo. Mphunzitsi akayamba funso, ife tinkalandira yankho asanamalize. Ndinkadziwa mayankho onse, bola mafunso abwere motsatana.

Tsiku la mayeso ndinagwera m'manja mwa a Longwe, mkulu wa mpingo amene anali wosema mabwato. Iwo sankatsata ndondomeko.

"Wati Mulungu satopa?"

"Inde, ada."

"Watinso Yesu ndi Mulungu. Nanga amene anatopa mpaka kugona m'bwato uja ndani?"

Ndinayimba yankho la funso lina. Anzanga anaseka, ndipo a Longwe anati, "Mawu uli nawo, mwana wanga, koma sadziwana okhaokha. Udzabwere chaka chamawa."

Malaya analowa m'bokosi. Ine m'mawa mwake ndinawalondola a Longwe kumene ankasema. Anandiuza, nsompho ili m'manja, kuti Akhristu oyambirira anakangana mibadwo ingapo pa funso lomwelo. Ena ankafuna kutaya umunthu wa Yesu, ena umulungu wake, kuti nkhani ifupike. Mpingo unakana. Unkati chiphunzitso chilichonse chiyenera kugwirizana ndi chinzake.

Yankho lenilenilo anandimana. Dzinja lonse ndinkalima ndikudzifunsa ndekha mokweza, mpaka mlongo wanga anauza amayi kuti ndikulalikira chinangwa.

Chaka chitatha ndinaimanso pamaso pa a Longwe.

"Uja anagona m'bwato wamupeza?"

"Ndi yemweyo amene anadzuka n'kudzudzula namondwe, ada. Si awiri ayi."

"Bwanji osangosankhapo chimodzi?"

"Akapanda kukhala munthu, sanafe imfa yathu. Akapanda kukhala Mulungu, imfayo sipulumutsa aliyense."

Anatembenukira kwa akulu anzawo. "Uyu alowe."

Masiku ano kalasi ya ubatizo imatha msanga, ndipo sindinamvepo mwana atabwezedwa. Koma ana a lero si amantha ngati ife. Mdzukulu wanga akaonekera kwa akulu Loweruka lino, ndipo wandiuza kale kuti ali ndi funso lake loti akawafunse iwowo.