Ziguduli Ziwiri

Chaka chimene zipani zinachuluka, kwathunso kunabadwa zipani ziwiri: cha amayi ndi cha abambo. Ndinabwera ku holide kuchokera kusekondale yogonera komweko, nditamaliza Fomu 2, n'kupeza bokosi la amayi lili ndi loko, sutikesi ya abambo ili ndi loko, ngakhale chitini cha shuga chitasamukira kuchipinda. Amayi akapita kudimba, abambo ankasuzumira m'nkhokwe kuona ngati chimanga chatsika. Abambo akapita kuchigafa cha fodya, amayi ankapapasa matumba a jekete. Sankalankhulana, koma aliyense ankadziwa kumene mnzake waponda.

Ukwati unali utatha kale. Chinatsala n'choti ankhoswe akhale pansi, agawe katundu ndi ana. Anawo ndi ine ndekha. Abambo anali mkamwini m'mudzi wa amayi, chakufupi ndi Nachisaka, ndiye mwa mwambo ine ndinali wa amalume. Amalumewo anali atandiyeza kale ndi maso.

"Mtsikana wamkulu chonchi azingodya fizi? Kwanga kuli fodya wofuna kusoka."

Abambo nawo ankafuna kupita nane kwawo, kumapiri a Ntchisi, ati ndizikawaphikira mpaka zinthu zitakhala bwino. Za sukulu palibe anatchula. Ine ndinkafuna Fomu 3, basi.

M'mawa wina amayi anandikokera kuseri kwa khola la mbuzi. Anali atachotsa mutu wa makina awo osokera n'kuukulunga m'chiguduli. Makinawo anagulidwa ndi ndalama za fodya, choncho ankadziwa kuti abambo adzawafuna.

"Kasiye kwa amalume ako. Wina akafunsa, ali kwa okonza. Wamva iwe?"

Ndisanamange n'komwe mtolowo panjinga, abambo anandikodola ali kuchigafa. Nawonso anali ndi chiguduli chawo, mkati muli wailesi yaikulu ija imene inagulidwa ndi mtedza wa amayi.

"Mwana wanga, tenga njinga, ukapereke kwa azakhali ako ku Ntchisi. Pakamwa potseka."

Kwa alimi a fodya chilichonse chimakulungidwa m'chiguduli chomangira mabelo, ndipo mfundo yake ndi imodzimodzi. Nditafika pamphambano ndinaika mitolo ija pansi. Mapasa enieni. Ndinaseka ndekha mpaka mayi wina wosenza nkhuni anandilambalala.

Kwa amalume ndinasiya wailesi. Anatsegula pakona, nkhope n'kuwala.

"Ehee! Mlongo wanga wachenjera tsopano. Mkamwini uja azikamvera mbalame."

Anaikwirira m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Makina ndinakwera nawo mapiri, ndikukankha njinga, mpaka kwa azakhali, mlongo wa abambo. Iwonso anasuzumira n'kuomba m'manja.

"Achimwene ayamba kuganiza. Mkazi uja azisokera minga."

Palibe amene anandifunsa ngati ndasokoneza. Aliyense anakhulupirira msanga kuti m'bale wake waba, ndipo anakondwa nazo. Amayi atakumana ndi amalume anangonong'oneza kuti, "Zinafika?" Iwo n'kuyankha, "Zili pabwino." Mayina a katundu sankatchulidwa, kuopa makutu a anthu.

Tsiku la mlandu tinakhala pansi pa mtengo wa mango, akuchikazi uku, akuchimuna uko, ine pakati pafupi ndi mbale, makasu ndi mipando. Nkhoswe ya amayi inafunsa za wailesi.

"Inafa," anatero abambo, maso ali kumwamba. "Ndinataya. Nanga makina?"

"Ali kwa okonza," anatero amayi, akukonza duku.

Nkhoswe ya abambo, munthu wamfupi wosachedwa kuseka, inatsokomola.

"Pepani akuluakulu, ine ndili ndi chodabwitsa. Dzulo ndimadutsa kwa amalume a mwanayu. Nkhokwe yawo imawerenga nkhani. Inafika mpaka ponena kumene kuli msonkhano wa chipani mawa."

Amalume, amene masiku amenewo sankagona osamva za ndale, anayamba kufufuza kanthu m'chikhadabo.

Abambo anadzuka. "Sizingatheke! Wailesi yanga ili ku Ntchisi kwa mlongo wangayu!"

"Yakufa ija?" inafunsa nkhoswe ya amayi.

"Wailesi yanji, achimwene?" anatero azakhali. "Inu munatumiza makina."

"Makina anga?" Amayi anaponya duku pansi. "Ali kwa iwe, mfiti yopanda manyazi?"

"Si ali kwa okonza, alamu?" anatero azakhali.

Mitu yonse inatembenukira kwa ine pang'onopang'ono, ngati mbuzi zamva chitseko cha khola. Ine ndinagwada bwinobwino, manja pamaondo, monga mwana woleredwa.

"Ziguduli zimafanana," ndinatero.

"Wabodza! Makina ndi wailesi kulemera kumodzi?" anakuwa amalume. "Mwana uyu pakhomo panga ayi. Angadzandigulitse ndili mtulo. Mtengeni, alamu, ndi magazi anu."

"Iyayi," anatero abambo, amene kwa mwezi wathunthu ankati mwambo ndi zachikale. "Ana ndi a kuchikazi. Ine ndilemekeza mwambo."

"Kwanga asadzapondenso," anaonjezera azakhali.

Amayi anaphimba pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Anthu ankati akulira. Ine mapewa amenewo ndimawadziwa.

Ankhoswe anapatukira pambali, n'kubwera ndi chigamulo. Makina abwerere kwa amayi, wailesi kwa abambo. Mwanayo, poti palibe akufuna kugona naye nyumba imodzi, abwerere kusukulu kumene kuli mpanda ndi ameteroni. Abambo azilipira fizi, amalume azigula sopo ndi kulipira basi. Onse awiri anavomera msanga kuposa mmene anavomerera china chilichonse tsiku limenelo.

Ndikulemba izi ndili Fomu 3. Yunifolomu anandisokera amayi pamakina omwe aja. Pa holide ndimayenda uku ndi uko, ndipo amanditumabe, poti njinga ndimaitha. Koma aliyense wolandira mtolo amamasula ndili pomwepo, n'kuutembenuza kawiri, asanandipatse ngakhale madzi akumwa.