Nkhope ya Amayi pa Chimbale

Ndinabena zimbale zinayi za kanema pa kompyuta, zonse bambo anazikana. Ankavala magalasi, n'kusendera pafupi ndi TV mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda, kenako n'kupukusa mutu.

"Si amako awa. Wawathira chifunga."

Kanemayo anali wa tsiku limene iwo ndi amayi anakwanitsa zaka makumi anayi ali pabanja. Misa inali ku Kabwazi, phwando kunyumba. Wojambula ndinali ine, ndi kamera yobwereka, maola asanu athunthu. Pa ana tonse ndine ndekha mphunzitsi wokhala ndi laputopu, ndiye chilichonse chokhala ndi batani chimagwera ine. Chaka chisanathe amayi anatisiya.

Bambo anagwira ukalaliki wa mu ofesi moyo wawo wonse, salola kuti pasowe ngakhale mzere umodzi. Lamulo lawo linali lakuti ndisadule munthu. "Anthu anasiya minda yawo ya kachewere kudzasangalala nafe, iwe uziwasadza ngati nthambi?" Ndiye maola asanuwo ndinkawapanikiza m'chimbale chimodzi cha DVD, chomwe chimanyamula bwino maola awiri osakwana n'komwe. Kompyuta imachita kufinya chithunzi kuti zikwane. Nkhope zimasanduka timabokosi, munthu akavina chitenje chimangoti mbuu.

Mankhwala ake ndinkawadziwa bwino lomwe: kugawa kanemayo patatu, basi. Koma sindinkafuna.

Pa laputopu chithunzi chinali chowala, ndipo ndinaona zimene tsiku la phwandolo sindinaone. Bambo akangotembenuka kukapereka moni, amayi ankagwira m'mimba, n'kuluma mlomo, maso atatsinzina. Bambo akacheuka, kumwetulira kwabwerera kale. Ndinawerenga: kasanu ndi kamodzi. Chonsecho bambo ankauza aliyense wodzapepesa kuti matenda anabwera mwadzidzidzi, kuti mkazi wawo anavina bwinobwino mpaka dzuwa kulowa. Mawu amenewo ndiwo ankawagoneka tulo.

Ndinakwiya nawo amayi, ndisaname. Kubisa chinthu chotere pakati pa chikhamu cha anthu, n'kundisiyira ine ndekha! Kudula malowo sikukanatheka, poti zinkachitika wina ali mkati molankhula, ndipo bambo zolankhula zonse anaziloweza. Kuuza achemwali anga, aaa, pofika madzulo mudzi wonse ukanamva. Ndinkangobena zachifungazo, n'kumanamizira makina.

Loweruka lina bambo anakwera minibasi wa ku Boma osauza munthu. Anabwerako ndi zimbale khumi zatsopano m'jumbo. Anali atakafunsa bambo wina wobena nyimbo pafupi ndi msika.

"Akuti ugawe patatu. Kapena kusukulu kwanuko sanakuphunzitseni?"

Sabata imeneyo ndinanamizira magetsi. Yotsatira ndinati ndili ndi mayeso oti ndichonge. Yachitatu anatenga mpando n'kukhala pakhomo la chipinda changa, atafunda bulangete poti kunali chisanu cha mu Juni, n'kunena kuti sachoka. Ndikanathawira kuti? Ndinagawa patatu, ndinasankha chithunzi chapamwamba, ndinabena pang'onopang'ono kuti pasakhale podumpha. Ntchito yabwino chotero sindinaigwirepo, ndipo ndinkadana nayo.

Lamulungu titachokera ku Misa ndinaika chimbale choyamba. Amayi anatulukira pakhomo la tchalitchi, duku loyera, ngakhale kachipsera ka pachibwano kakuoneka.

"Eyaa! Ndi awa tsopano," anatero bambo, akuseka ngati mwana. Anandigwira phewa.

Patapita kanthawi anafika malo aja. Pa TV bambo anatembenuka kukagwira dzanja la mlamu wawo. Amayi anagwira m'mimba.

Kuseka kunatha.

"Tabweza."

Ndinabweza.

"Bwezanso."

Anaonera katatu. Kenako anavula magalasi, n'kutambasula dzanja kuyeza mpata umene unali pakati pa iwo awiri pa galasi la TV. Sunakwane n'chikhatho chomwe.

"Ndinali pompa," anatero. "Iwe unaona liti?"

"Kalekale, bambo."

Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anavalanso magalasi, n'kukokera mpando kutsogolo. Chimbale chitatha ndinadzuka kuti ndizimitse, ndikunena zoti tiyi wazizira.

"Khala pansi, mwanawe. Ika chachiwiri."

Zinali zitatsala ziwiri, ndipo m'menemo munali malo ena asanu.