Ndinamulirira mu Ofesi ya Abwana

Chaka chomwe nyanja inakwera kumtunda ku Japani, ndinkagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Govan, kuno kudziko la azungu. Tinali limodzi ndi mayi wina wa ku Japani komweko, wamfupi, wosalankhulalankhula, wopinda nsalu za pabedi ngati kukubwera alendo. Amayi ake ankakhala m'tauni ya m'mbali mwa nyanja, imodzi mwa zimene madzi anasesa.

Tsiku lotsatira ngoziyo mnzangayo anafika pantchito nthawi yake. Anasambitsa agogo anayi amene ankawasamalira, kuwadyetsa phala, kuwapesa tsitsi. Foni ya amayi ake inali isakupezeka. Pa TV ya pabalaza ankaonetsa anthu a kwawo ali pamzere wa madzi akumwa, phee, popanda wokankha mnzake, owerenga nkhani akungowatama. Kutamako kunandinyansa. Anthu ataya ana, wina n'kumayamikira mzere.

Ndisaname, poyamba ndinakwiyira iyeyo. Kwathu munthu woti amayi ake asowa, n'kumapesa tsitsi la eni maso ali gwa, timamunena. Ndinauza amayi a kumpingo kuti ndikugwira ntchito ndi munthu wouma mtima. Lero ndimachita nazo manyazi.

Patapita masiku anayi anapita kwa bwana wathu, mayi wa konkuno, kukapempha tchuthi kuti akafunefune amayi ake. Anapempha monga ankapemphera chilichonse: kuwerama pang'ono, kupepesa kuti avutitsa anzake. Bwanayo anati antchito ndi ochepa, adikire milungu iwiri. Anawonjezanso kuti akuoneka kuti akulimba bwino, anthu a kwawo ndi opirira, iye wawaona pa TV. Mnzangayo anathokoza n'kutuluka.

Ndinam'peza kochapira akupinda mathawulo. Atandifotokozera, mutu unandiwira. Ndinamuuza kuti abwerere akalire pamaso pa bwanayo, adzigwetse pansi, chifukwa anthu ena sakhulupirira chisoni chopanda misozi. Anapukusa mutu.

"Kwathu aliyense wataya wake," anatero. "Ndikalira ndiwonjezera katundu pa anthu. Ndiponso ndikayamba, sinditha kusiya."

Apo m'pamene ndinayang'ana manja ake. Thawulo linali lomwelo. Ankalipinda, kulifunyulula, kulipindanso.

Ndinalowa mu ofesi osagogoda. Ndinali nditakonza Chingerezi chaulemu, koma chinandithawa pakhomo. Ndinakhala pansi pa kapeti, miyendo tambalale, n'kuyamba kulira maliro monga timalirira kwathu, mokweza, ndikuitana mayi amene sindinawaonepo. Sindinkachita sewero ayi. Ndinali nditapsa mtima, ndipo misozi inabwera yokha. Bwanayo anathamangira kutseka chitseko nkhope itafiira, akundifunsa chimene chachitika.

"Zimene mukumvazi ndi zimene zili m'mimba mwa mnzanga kuyambira tsiku lija," ndinatero. "Kungoti iye ali ndi ulemu umene ine ndilibe. Masiku ake ndigwira ndine."

Tchuthi chinapezeka masana omwewo. Antchito sanachuluke, malamulo sanasinthe. Chinasintha n'chakuti wina anachita phokoso. Ndicho chimandiwawabe mpaka lero: munthu anapempha mwaulemu, ulemu wakewo n'kukhala chifukwa chomukanira. Ndipo ine amene ndinamutcha wouma mtima sindinali wosiyana kwenikweni ndi bwanayo.

Mnzanga uja anabwerako patatha mwezi, atawonda. Amayi ake anawapeza m'holo ya sukulu ina momwe ankagoneka mitembo. Anati akanadikira milungu iwiri ija, akanapeza ataikidwa kale pamodzi ndi anthu amene abale awo sanafike. Anafotokoza zonsezi osagwetsa msozi, ndipo ulendo uno sindinamuone ngati wouma mtima.

Atamaliza anandiweramira nthawi yaitali.

"Ndinamva mukuwalira amayi anga," anatero. "Ndinaima panja pa chitseko mpaka munamaliza."

Kenako anavala epuloni n'kupita kukasambitsa agogo ake anayi aja.