Chifuwa Chimene Mwana Wanga Anasowa

Mwana wanga woyamba anabadwa miyezi isanakwane, m'nyengo yachisanu, tikukumba kachewere. Anali wochepa ngati chinangwa chowonda, ndipo kulira kwake unkachita kutchera khutu kuti ukumve.

Kuchipatala ku Ulongwe anamwino anatiuza kuti ubongo wa mwana wotere umakhala usanathe kukhwima. Umakula ndi kutentha kwa thupi la munthu, fungo lake ndi mawu ake. Anati pakhale wina womumanga pachifuwa, khungu ndi khungu, n'kumamuyankhula. Ine sindikanatha. Ndinataya magazi ambiri, ndipo titafika kunyumba thupi linatentha mpaka sindinkazindikira anthu.

Amuna anga anavula malaya kuti amutenge. Mayi anga anaima pakhomo.

"Apongozi, mwangotsika minibasi ya shapa kuchokera ku Tete. Ndani akudziwa kumene munagona? Mwanayu ngozizira. Akatupa n'tsempho, anthu adzaloza inuyo."

Kwathu amati mwamuna amene wagona ndi mkazi ngotentha, ndipo akagwira khanda limadwala tsempho n'kufa. Amuna anga sanayende ndi munthu, ndikudziwa. Koma anaona kuti mwanayo akhoza kufa ndithu, ndipo mudzi wonse udzawatcha achigololo opha mwana wawo. Anavala malaya aja n'kutuluka.

Mayi anga, poti anali ozizira, anali ololedwa kumugwira, koma anaikapo ana awo awiri m'manda ndipo sankafuna kuzolowera wachitatu. Anamukulunga m'mabulangete, n'kumugoneka m'lichero pafupi ndi mbaula, m'chipinda chamdima. Ankamudonthezera mkaka mkamwa ali chete. "Musamakayankhule," ankatero, "sikanatsimikize zokhala." Ndimawakwiyirabe, ngakhale ndikudziwa kuti popanda iwo mwanayo sakanakhala moyo.

Lero anzake obadwa nawo chaka chimodzi amadutsa pakhomo pathu ndi makope kupita kusukulu. Iye amakhala pamphasa, kugwedeza mutu, kuyang'ana khoma. Sayenda, sayankhula. Ndinafunsa adotolo ngati zikanasintha tikanamufungatira. Anati mwina pang'ono, mwina ayi, palibe angadziwe. Yankho limenelo limandiwawa kuposa akanangonena kuti inde.

Kutchalitchi amandiuza kuti ndizithokoza poti ali moyo. Ndimathokoza, kukana ndingakane bwanji? Koma ndikabwera kumunda n'kumuitana, satembenuka. Ndimagwada, kumugwira masaya, kumuuza kuti ndine mayi ako. Amandiyang'ana monga mmene amayang'anira mlendo aliyense wobwera kudzapempha moto.